Mlonda wosadziwa nkhope

Lachinayi usiku, Ulónguè. Tulo sitikubwera. Mawu a mayi msungichuma akungozungulira m'mutu mwanga.

Anaimba ali ku Dómuè, galimoto ya ogula mbatata yochokera ku Tete itaima pamsewu. Ankafuna kuona pa tsamba la gulu lathu la alimi kuti aliyense wapereka matumba angati, koma tsamba silinkatseguka. Poyamba ndinkayesa ndi netiweki. Nditalowa mu seva, kompyuta yosunga tsambalo, ndinapeza kuti yawatsekera ndi Fail2ban, pulogalamu yoteteza seva imene ndinaika ndekha mwezi wathawu.

"Mwana wanga, ndalakwanji kuti undithamangitse?"

"Amayi, si ine. Ndi mlonda amene ndinaika pakhomo. Amawerenga buku la onse ogogoda, ndipo adiresi ya pa intaneti ikalakwitsa mawu achinsinsi kasanu m'mphindi 10, amauza iptables, pulogalamu yotseka ndi kutsegula makomo a seva, kuti itseke chitseko."

"Ine ndalakwitsa katatu basi. Magalasi ndaiwala kunyumba."

Kawiri kenako kanali ka alembi. Onse awiri ankakoka intaneti pa foni imodzi, choncho seva inkaona adiresi imodzi, munthu mmodzi wokakamira. Ndinawafotokozera zimenezi pang'onopang'ono. Anakhala duu, kenako anati, "Mlonda wanji wosadziwa eni nyumba?"

Ndinasowa choyankha. Kuwatsegulira kunali kwa kamphindi, lamulo limodzi la unbanip, koma manyazi awo pamaso pa ogula aja sindikanatha kuwachotsa. Mayi amene wasunga ndalama za gulu zaka zonsezi osasowetsa ngakhale metical imodzi!

Chikundiwawa n'chakuti Fail2ban payokha imatseka kwa mphindi 10 zokha. Ndine ndinasintha bantime, kutalika kwa nthawi yotsekerayo, kukhala tsiku lathunthu, chifukwa cha mkwiyo. Tsiku limene ndinawerenga auth.log, buku la ogogoda lija, koyamba ndinachita mantha. Makina a kumayiko akutali akugogoda pa port 22, khomo la SSH lolowera woyang'anira seva, usiku wonse, kuyesa mayina ngati root, admin, test, osatopa. Sakutidziwa n'komwe, amangoyenda khomo ndi khomo ngati fisi wonunkhiza makola. Mu seva muja muli mayina a alimi, ngongole zawo za feteleza, manambala awo a foni. Ndikanasiya bwanji chitseko pululu? Mpaka pano ndikuti kuika mlondayo ndinachita bwino.

Madzulo ndinaganiza zolemba adiresi ya amayi pa ignoreip kuti asadzatsekeredwenso. Sizingatheke. Adiresi ya pa foni imasinthasintha, ndipo makampani a mafoni amagawira anthu ambirimbiri adiresi imodzi. Kuikhululukira n'kukhululukira khamu losadziwika, kuitseka n'kutsekera osalakwa.

Mphepo ya kumapiri kuno yayamba kulowa pazenera, zala zachita dzanzi. Ku SSH ndasiya tsiku lathunthu lija, poti kumeneko ndimalowa ndekha ndi kiyi. Ku tsamba la alimi ndabwezera mphindi 10, ndipo maxretry, chiwerengero cha kulakwitsa chotsekera munthu, ndaikweza kufika pa 8. Kaya 8 yakwana, kaya yachuluka.

Loweruka ndikwera njinga yamoto kupita ku Dómuè. Pa foni ndapepesa kale, anangoti "chabwino mwana wanga," koma mmene anazinenera muja...