Ng'amba ya Januwale ndi ulendo wa ku Zambia

Ku Kasungu munthu sachoka pamudzi tsiku lomwe mvula yadula. Amachoka nkhokwe ikagona pansi ngongole ili pakhomo, ndipo pakatipa pamadutsa miyezi.

Ng'amba yopweteka ndi ya Januwale kapena Febuluwale, chimanga chikamamasula. Dzuwa likaomba masabata awiri kapena atatu pa dothi lamchenga la kuno, ngayaye zimauma ndevu zisanatuluke bwino, chitsononkho n'kubwera ndi njere zapatalipatali. Feteleza wobereketsa wothira pouma amangopita pachabe. Fodya naye amapepuka, ndiye ku msika wa fodya wa Chinkhoma kampani ikadula ngongole ya zipangizo, mlimi amabwerera ndi kapepala chabe.

Zimayamba kupita ndi nkhuku, kenako mbuzi, njinga, mapeto ake katapila. Ganyu ndiye amanamiza anthu. Chilala chikagwira dera lonse, ofuna ganyu amachuluka, olemba ganyu nawonso alibe chimanga, choncho malipiro amatsika pomwe thumba la chimanga la makilogalamu 50 likukwera mtengo. Apa m'pamene abambo amaolokera ku Lundazi kapena ku Chipata, ena kudzera pa Mwami, ambiri njira zachidule. Pa njala ya 2002 anthu ambiri anapulumukira komweko. Mu 2024 khomo limeneli linachepa: El Niño, kusintha kwa nyengo komwe kumachepetsa mvula kuno, anaumitsa mbali zonse ziwiri, Zambia n'kulengeza za ngozi mu Febuluwale, pulezidenti wa nthawiyo Lazarus Chakwera n'kulengeza mu Malichi m'maboma 23 mwa 28.

Za ku Joni ndi nkhani ina. Pasipoti ndi thiransipoti zimafuna ndalama, motero amapitako ndi amene anali ndi ng'ombe kapena ngolo yogulitsa. Wosaukitsitsa safika kutali, amangozungulira m'maesiteti. Ndipo ngakhale lamulo la 2021 linathetsa utenanti, mabanja ochokera kummwera akadalimo m'minda ya fodya. Chaka chikaipa, ena amasowa ndi yobwererera kwawo yomwe.

Chimene ambiri sachiwerengera ndi nthawi imene bambo amachoka. Ndi mwezi wopalira ndi kubandira. Mayi yekha, mwana kumsana, nayenso akusaka ganyu wa lero, sangamalize maekala awiri udzu usanapitirire chimanga. Mvula ikabweranso bwino imapeza munda uli thengo, ndipo banja lomwelo lidzatumizanso munthu kunja Januwale wotsatira. Amene ali ndi dimba kudambo, tomato ndi mpiru zikulowetsa kangachepe sabata iliyonse, kawirikawiri amapalira munda wawo pa nthawi yake.