Sabata ya likodzo kuno kunyanja

Sabata ino yandilemera abale. Ndine kilinisha pa helefu senta ina m'mbali mwa nyanja kuno ku Mangochi, ndipo chiyambire Lolemba timabotolo ta mikodzo topita ku labu tambiri tinali tofiira ngati madzi otsukira nyama, makamaka ta anyamata aja osatuluka m'madzi.

Lachiwiri mayi ena anabwera ndi mwana wazaka 11 kuti akumva malungo, nditamufunsa za pokodza mwanayo anangozolika. Mayi ake ndi amene anayankha, akuti adokotala zimenezo musadandaule nazo, bambo akenso ankakodza magazi ali mnyamata, ndiko kukula kumeneko. Mtima unandipweteka chifukwa mawu amenewa ndimawamva kawirikawiri. Ndinawafotokozera kuti amayi, timadontho ta magazi tobwera kumapeto kokodza tija ndi mazira a nyongolotsi za likodzo akuboola chikhodzodzo cha mwana wanu, nyongolotsizo zimaswana mu nkhono za m'madzi ndipo zimalowera pakhungu munthu akamasamba, kuchapa kapena kukoka khoka. Mkodzo tinatenga masana, poti pakati pa 10 koloko ndi 2 koloko mpamene mazira amatuluka ambiri, ndipo a labu anawaonadi pa maikulosikopu. Tinamuyeza sikelo nkumupatsa praziquantel, mankhwala a likodzo, 40mg pa kilo iliyonse, koma atadya kaye phala, apo ayi chizungulire ndi nseru zimamusowetsa mtendere mwana.

Lachitatu kunali mayi wachitsikana amene wamwa mankhwala a matenda opatsirana pogonana kangapo osachira, kunyumba mpaka kukangana ndi amuna ake, pomwe likodzo limagwiranso njira ya abambo ndi khomo la chiberekero.

Koma amene andisowetsa tulo ndi agogo ena aamuna, msodzi wakale, anabwera Lachinayi. Iwo magazi akutuluka oundana, osamva kuwawa kulikonse, thupi latha, ndipo praziquantel anamwa kale. Munthu wamkulu akamakodza magazi chonchi sitimangopereka mapilisi ayi, likodzo lokhalitsa zaka zambiri limatha kuyambitsa khansa ya chikhodzodzo. Ndinawalembera kalata yopita kuchipatala chachikulu kuti akawajambule, mwana wawo anangoti ndalama ya thiransipoti aipeza akagulitsa usipa, ndinamuchonderera kuti asadikire mwezi uthe chonde.

Lachisanu tinakhala pansi ndi ma HSA athu, alangizi a zaumoyo a m'midzi, tagwirizana kuti Lolemba nkhani ya likodzoyi tikayambire kusukulu ya mwana wazaka 11 uja, ndipo amfumu tawauza kale kuti makolo abwere nawo.