Mbiri ya moyo wanga, gawo 9: Jakisoni wa testosterone ndi matenda okhumudwa

Gawo lapita lija linathera pa nkhani ya kukhumudwa kwa abambo, ndipo anzanga kuno ku Nkhotakota akhala akundifunsa ngati jakisoni wa testosterone angawachotsere vutoli. Lero ndiimika kaye nkhani yanga kuti ndiyankhe bwinobwino.

Testosterone ndi homoni (mankhwala achilengedwe a m'thupi) yopangidwa m'machende. Imachepa pang'onopang'ono munthu akamakula, koma imagwa kwambiri chifukwa cha kunenepa, shuga, HIV, mowa wambiri, mankhwala ngati tramadol, kapena matsagwidi amene anatupitsa machende. Ikachepa, bambo amafooka, chilakolako cha m'banja chimazilala, mtima umangokhala wolemera. Vuto ndi loti zizindikiro zomwezi zimabweranso ndi matenda okhumudwa enieni, komanso ndi kuchepa kwa magazi. Ife a m'mbali mwa nyanja, kumene likodzo ndi malungo, matenda ochepetsa magazi, sizitha, tiyambe tayezetsa magazi ndi mkodzo tisanaganize za homoni.

Kuyeza testosterone kuli ndi malamulo ake. Magazi atengedwe m'mawa isanakwane 10 koloko, musanadye, chifukwa masana homoniyi imatsika yokha. Muyezetse kawiri, masiku osiyana, ndipo osati muli chidwalire. Madokotala ambiri amati yachepa ikakhala pansi pa 300 ng/dL, pafupifupi 10 nmol/L. Ngati chipatala chapafupi chilibe makina, pemphani kalata yopita ku Lilongwe.

Nanga imathandizadi maganizo? Mu 2019, magazini ya JAMA Psychiatry inasindikiza lipoti lophatikiza kafukufuku 27 wokhudza abambo 1,890, ndipo ofufuzawo anapeza kuti mwa amene analandira testosterone zizindikiro za kukhumudwa zinachepako poyerekeza ndi amene sanalandire mankhwala enieni. Mawu ofunika ndi akuti zinachepako. Amene homoni yake ndi yochepadi amatha kuona mphamvu ndi chimwemwe zikubwerera pakatha masabata 3 mpaka 6. Koma bambo amene wapsinjika ndi ngongole, maliro kapena banja losokonekera, homoni yake ili bwinobwino, jakisoniyu si wake. Iyeyo akufunika uphungu, mwinanso mankhwala a matenda okhumudwa monga fluoxetine kapena amitriptyline, ndipo akayambire kwa ogwira ntchito za matenda a maganizo pa chipatala cha boma.

Mankhwalawa ali mitundumitundu. Sustanon 250 amabaya pamnofu pakatha masabata atatu aliwonse; masiku oyamba munthu amamva mphamvu, mwina mpaka kupsa mtima, kenako chakumapeto amagweranso pansi chifukwa mankhwala atha m'thupi. Nebido ya 1,000 mg imabayidwa pakatha masabata 10 mpaka 14 ndipo siikwera ndi kutsika chotero. Palinso wopaka pakhungu m'mawa uliwonse, koma sambani m'manja ndi kuvala malaya, kuti asapakike kwa mayi kapena mwana.

Chimene chimandidetsa nkhawa kwambiri ndi ichi, abale anga. Thupi likaona testosterone yochokera kunja, ubongo umasiya kulamula machende kugwira ntchito. Mbewu ya abambo imachepa, mwa ena imatheratu m'miyezi yochepa, ndipo ukasiya mankhwala zimatenga miyezi yambiri, mwina kupitirira chaka, kuti ibwerere. Mnyamata amene akufuna ana asayerekeze kugula jakisoniyu mwamseri poganiza kuti ndi gondolosi wachizungu.

Magazinso amakhuthala. Nchifukwa chake dokotala amayeza hematocrit (muyeso wa kukhuthala kwa magazi) musanayambe, pakatha miyezi 3 mpaka 6, kenako chaka chilichonse. Ikadutsa 54 peresenti mankhwala amaimitsidwa, kuopa kuundana kwa magazi. Amayezanso PSA, chizindikiro cha m'magazi chothandiza kuzindikira khansa ya prostate (chiwalo cha abambo cha pansi pa chikhodzodzo), popeza wodwala khansayi saloledwa kulandira testosterone.

Ngati maganizo ofuna kudzipha afika, musadikire zotsatira za magazi. Uzani m'bale wanu ndipo pitani kuchipatala tsiku lomwelo. A chipatala cha matenda a maganizo cha Saint John of God ku Lilongwe ndi ku Mzuzu amathandizanso pa zimenezi. Gawo 10 tidzabwerera pamene tinalekezera.