Lipoti la ulendo wa ku Thyolo: thirakitala ikakana kulira

Mamembala anzanga, tinanyamuka pa Chitakale m'mawa chiperoni chikuwaza, tinadzera pa Luchenza ndi pa Thyolo Boma, mpaka kwa alimi anzathu cha ku Bvumbwe. Iwowa ali ndi thirakitala ya Massey Ferguson ya injini ya Perkins ngati yathuyi, koma yawo sigona pansi nthawi yolima.

Makaniko wawo, bambo wachikulire ndithu, sanachulutse gaga m'diwa. Anatifunsa kuti, "Mukapotokola kiyi, injini imazungulira kapena imangoti tche?" Ikangoti tche, yambani ndi batire: mwina yafooka, mwina mitu yake yachita zoyerayera ndipo mawaya sakugwira. Ikamazungulira koma osalira, muziyang'ana utsi. Utsi woyera ndiye kuti dizilo akufika koma sakuyaka bwino, makamaka kukazizira ngati mu Juni, ndipo hita, kachipangizo kotenthetsa injini isanalire, ndi yomwe imathandiza. Utsi ukapanda kutuluka n'komwe, dizilo sakufika.

Apa m'pamene tinakhalitsa. Anamasula kambale kagalasi ka pansi pa fyuluta n'kutipatsa kuti tione. Pamwamba dizilo, pansi madzi ndi tinyansi takuda. Madzi amalemera kuposa dizilo, choncho amakhazikika pansi, ndipo akafika ku pampu ndi ku ma injekita, tizitsulo topopera dizilo mu injini, amadyetsa zitsulo dzimbiri. Ena amachokera m'zigubu zomwe timagulira mafuta, ena amachita kudontha m'thanki momwemo usiku ikagona yosadzaza. Anzathuwo amadzaza thanki madzulo, ndipo mgolo wa dizilo amausiya ukhazikike asanatungemo.

Kenako anatseka mafuta dala mpaka injini inazima, kuti dalaivala wathu achotse yekha mpweya m'mapaipi. Dalaivalayo anatsegula mafuta, anamasula pang'ono kabawuti ka pa fyuluta, n'kumapopa ndi chala kachitsulo ka pa pampu yaing'ono. Poyamba kunkatuluka thovu, kenako dizilo yekhayekha, ndiye anamanga. Anachitanso chimodzimodzi pa pampu yaikulu, n'kumasula pang'ono mapaipi a ma injekita kwinaku sitata ikuzungulira. Atamanga, inalira. Mayi msungichuma wathu anaimba nthungululu, poti zimenezi n'zomwe takhala tikuitanira makaniko kuchokera ku Limbe, kumulipira ndi thiransipoti yomwe.

Bamboyo anachenjeza kwambiri kuti dzanja lisayandikire paipi ya injekita injini ikuzungulira, chifukwa dizilo wake amatuluka ndi mphamvu yoboola khungu. Sitatanso tisamaikakamize nthawi yaitali, imapsa. Kuliza pang'ono, kupumira, n'kuyesanso.

Kwa ine, vuto lathu lalikulu ndi chizolowezi cholimitsa thirakitala mpaka thanki iume, chifukwa ikauma imakoka mpweya ndi zinyalala zapansi. Ndikupempha komiti kuti pa msonkhano ukubwerawu tivomereze ndalama zogulira mafyuluta awiri osungira, fanulo ya sefa ndi mgolo wotsekeka bwino, tisanayambe kulima mu Okutobala.