Kabokosi kokana kulankhula

Lachitatu, Kasungu.

Funso la mnyamata uja woika fayiba, chingwe chonyamula intaneti pogwiritsa ntchito kuwala, likundizungulirabe m'mutu. Anabwera ndi ONU, kabokosi kamene kamakhala m'nyumba ya kasitomala kumapeto kwa chingwe, n'kunena kuti, "Achimwene, kuwala kukufika koma kakukana kulowa pa netiweki." Anali atayeza kale mphamvu ya kuwala kwa 1490 nm, mtundu wa kuwala kobwera kunyumba, n'kupeza -21 dBm. Pa GPON, njira yogawira nyumba zambiri intaneti pa fayiba imodzi, ONU ya kalasi B+ imamva kuwala kofooka mpaka -27 dBm, ndiye kuwala kunalidi kokwanira.

Tinawerengerabe. Kalasi B+ imalola kutaya 28 dB ya mphamvu ya kuwala njira yonse. Splitter, kachipangizo kogawa kuwala, ikakhala ya nyumba 32 imadya pafupifupi 17 dB yokha, chingwe chimadya 0.35 dB pa kilomita pa 1310 nm, polumikiza ndi moto pabwino sipapitirira 0.1 dB. Chimene chimavutitsa anthu ambiri ndi fumbi. Mtima wa fayiba ndi ma micron 9 basi, kafumbi kamodzi ka mphepo ya kuno kakakhala pa konekita, ma dB angapo apita. China ndi kuphatikiza konekita yobiriwira ndi yabuluu: yobiriwira nsonga yake ndi yopendekeka madigiri 8, yabuluu ayi, ndiye sizikhudzana bwino. Zonsezi mnyamatayo anazichita molondola.

Vuto linali chinenero. ONU inali ya kampani ina, OLT, chipangizo cha kulikulu chimene ma ONU onse amalumikizana nacho, inali ya kampani inanso. Ziwirizi zimagwirizana kudzera mu OMCI, chinenero chimene OLT imalamulira nacho ONU, cholembedwa mu lamulo la ITU-T G.988. Lamulo ndi limodzi, koma kampani iliyonse imaliwerenga mwa njira yake, ndipo ma OLT ena amangokana nambala ya kabokosi kachilendo. Kanyali ka pa kabokosi kolembedwa PON kamangophethira mpaka kuche.

Apo m'pamene anafunsa: "Nanga tingaone bwanji chimene akukanirana?" Pa zida zotsekedwa sungaone. Umangosintha kabokosi.

Madzulo onse ndakhala ndikulingalira za ma labu otseguka a m'mayunivesite. Ku Trinity College Dublin kuli Open Ireland, ku New York kuli COSMOS, kumene ofufuza amaloledwa kulowetsa mapulogalamu awo pa zida zenizeni. Palinso VOLTHA, pulogalamu yaulere yoyendetsera OLT, moti uthenga uliwonse wa OMCI umauona ndi maso: apa OLT yafunsa chakuti, apa ONU yayankha zosiyana, apa zayambana. Amafufuzanso kagawidwe ka nthawi. Popita kumtunda, kuchoka kunyumba kupita kulikulu, nyumba zonse zimagawana chingwe chimodzi mosinthana, ndipo OLT ndiyo imauza aliyense nthawi yolankhula m'kachigawo ka ma microsecond 125. Ukagawa moipa, kuyimba kwa vidiyo kumadukaduka ngakhale liwiro likuoneka lalikulu.

Kenako pali za mawa. XGS-PON ya 2016, mtundu watsopano kuposa GPON, imapereka 10 Gbps mbali zonse, pa 1577 nm potsika ndi 1270 nm pokwera, choncho imatha kuyenda m'chingwe chomwecho ndi GPON popanda kukumbanso ngalande. 50G-PON inavomerezedwa mu 2021. Kuyesa ngati ma splitter akale angapirire zimenezi ndi ntchito ya labu, osati ya pa pholo la kasitomala dzuwa likuswa mtengo.

Chondinyansa n'chakuti labu yoyambira siifuna zodabwitsa. OLT yaing'ono, ma ONU a makampani atatu kapena anayi, mpukutu wa fayiba ya G.652D wa makilomita 20, ma splitter a 1:8 ndi 1:32, chochepetsera kuwala chosinthika, OTDR yopezera pamene kuwala kukutayika m'chingwe, makina olumikizira ndi cleaver yakuthwa yodulira fayiba, seva imodzi, ndi mabatire chifukwa magetsi akathima pakati pa kuyesa umayambiranso. MAREN ilipo yolumikiza masukulu athu aukachenjede, UbuntuNet Alliance, mgwirizano wa ma netiweki otere a m'mayiko a m'chigawo chino, ofesi yake ili ku Lilongwe m'dziko momwe muno. Chipinda chimodzi chokha, chotsegukira ngakhale anyamata a ntchito zamanja ngati uyu.

Mwina ndikulota chifukwa cha kutentha. Sindinadye n'komwe bwino.

Mnyamatayo anakulunga kabokosi kake m'jumbo, akuti mawa akaika ka kampani yofanana ndi OLT. Kagwira ntchito, palibe chokayikitsa. Koma kokanidwa kaja kakaponyedwa m'katoni limodzi ndi tinzake, tabwinobwino tonse, ndipo chimene kanalakwa poyankha...