Kompyuta ilibe manyazi

M'komiti ya mpikisano wa masewero wa m'dera lathu, ukangodziwika kuti umatha kudzutsa foni ikazima, basi ndiwe katswiri wa chilichonse choyendera magetsi. Ndi mmene ntchito yopanga webusaiti ya mpikisano inandigwera ine. Mpikisano wake ndi uja wa chaka ndi chaka: mpira wamiyendo, wa ntchemberembaye ndi bawo. Chaka chimenecho anawonjezerapo goalball, chifukwa aphunzitsi ena osaona, a pasukulu ya ana osaona, analowa m'komiti n'kuumirira mpaka aliyense anagonja. Malipiro anga anali bandulo ya intaneti ndi lonjezo la tisheti.

Kwa amene simunaonererepo goalball: osewera amakhala atatu mbali iliyonse, onse ataphimbidwa m'maso, pabwalo la mamita 18 mulitali ndi 9 mulifupi. Mpira wake ndi wolemera makilogalamu 1.25 ndipo uli ndi mabelu mkati. Masewerowa anawayambitsa Hans Lorenzen ndi Sepp Reindle mu 1946, pofuna kuthandiza asilikali omwe anasiya kuona pa nkhondo yachiwiri ya padziko lonse. Wosewera amadalira khutu, ndiye mpira ukamayenda oonerera onse amati zii. Ngakhale kutsokomola umachita kusunga.

Nanga ine ndinatani? Webusaiti ya masewero a chete amenewa ndinaiikira vuvuzela. Ukangoitsegula ankalira yekha osapemphedwa, kenako nyimbo. Zilembo ndinaika zachikasu pamwamba pa zoyera, poti wagolosale amene anatigulira mipira amakonda chikasu. Ndandanda wa masewero sindinavutike nawo: a mlembi anali ataulemba kale ndi maka papepala lalikulu, ine ndinangoujambula ndi foni n'kuuponya pomwepo. Zithunzi zinabwera pa WhatsApp zambirimbiri, zonse ndi mayina aja a manambala okhaokha, ndiye kuti ndisamasokonezeke ndinazitcha mayina anga. Mayina ake a pakati pa usiku, munthu uli wekha, tulo tikukukoka, komiti yakutopetsa ndi misonkhano. Nanga dzina la fayilo amaliona ndani?

Aphunzitsi aja anandifunsapo titatuluka mumsonkhano wina.

"Achimwene, webusaiti yanuyo ife tiziiwerenga?"

"Musade nkhawa aphunzitsi, zilembo ndazikulitsa kwambiri."

Anaseka mpaka kutsamira ndodo yawo. "Zikomo kwambiri. Mukulitsenso pang'ono, mwina ndiona."

Ine ndinaseka nawo, ndikuganiza kuti nkhani yatha.

Tsiku lokhazikitsa mpikisano, holo inadzaza. Panali a mfumu, makochi, ana asukulu, wagolosale uja atavala malaya achikasu, ndi komiti yonse kutsogolo. Masipika tinabwereka kutchalitchi, aja amamveka mpaka kumsika. A wapampando atatha kulankhula, ananena kuti pofuna kusonyeza kuti mpikisano wathu susankha, aphunzitsi ndi amene atsegule webusaiti pamaso pa anthu. Manja m'manja. Ine ndinakhala mpando wakutsogolo nditapinda miyendo, ndikuyembekeza kutchulidwa dzina.

Aphunzitsi anatulutsa laputopu yawo n'kuilumikiza ku masipika. Anafotokozera anthu kuti amagwiritsa ntchito pulogalamu ya NVDA, yomwe imawerenga mokweza chilichonse cholembedwa pasikirini. Ndi yaulere, anaiyambitsa anyamata awiri osaona a ku Australia, Michael Curran ndi James Teh. Mausi sakhudza n'komwe, amayenda ndi kiyibodi basi. Liwiro lomwe amamvetsera okha ife sitinamve kanthu, ndiye analichepetsa kuti tonse timve bwino. Chifundo chimenecho ndi chomwe chinandipha.

Choyamba anali vuvuzela. Analira m'masipika a tchalitchi mpaka mwana wina anayamba kulira naye. Mawu a NVDA anamira. Aphunzitsi anadina batani la Tab kufunafuna pozimitsira, koma pozimitsirapo ndinapapanga moti pamafunika mausi. Ndinathamanga kukazimitsa ndekha, ndikumwetulira ngati zinali m'dongosolo.

"Tiyeni tione kuti timu yanga isewera liti," anatero aphunzitsi. Anafika pandandanda. Kompyuta inangoti, "graphic." Anadikira. Ife tinadikira. Palibe china.

"Yati chithunzi," anamasulira. "Ndiye kuti timu yanga isewera ndi chithunzi."

Anthu anaseka pang'ono, mwaulemu. Apa ndinali ndikadali moyo.

Kenako anatsikira pazithunzi za komiti. Chinthu chomwe sindinkadziwa n'chakuti chithunzi chilichonse chimayenera kukhala ndi mawu ochifotokoza obisika kuseri, amene amawatcha alt text. Chikakhala chodina koma mawuwo palibe, pulogalamu imayesetsa kuthandiza mwini wake: imatola dzina la fayilo n'kuliwerenga. Zithunzi zanga zonse zinali zodina.

Pakhoma panaoneka a wapampando atanyamula chikho. Ndipo mawu aja ozizira, achizungu, osadziwa mfumu kapena mwana, anatchula pang'onopang'ono: "wapampando, mimba yonse, final two, dot J P G."

Chichewa chake chinali chopindika, koma aliyense anamva. Holo inakhala chete, chete weniweni wa goalball amene ndinalephera kuupereka pawebusaiti. A wapampando anayang'ana chithunzi, anadziyang'ana okha, n'kuyamba kumanga batani la jekete lomwe linakana kumangika chiyambire m'mawa.

Aphunzitsi nkhope ili gwa, chala chinapitirira.

"Msungichuma, akuwodzera."

"Ndinkapemphera ine!" anakuwa mayi a msungichuma ataimirira. Apa ndiye holo inaphulika. A mfumu anabisa nkhope m'chipewa, mapewa akugwedezeka.

"Mlembi, mtanda wachisanu."

A mlembi sanatsutse. Anangoti, "Inali yofewa," n'kukhala phee.

Ndinalumpha kuti ndikazule waya. M'chipwirikiti ndinazula wa pulojekita, chithunzi chinazima, mawu anatsala. Ndipo mumdima wa pakhomapo kompyuta inamaliza ntchito yake: "wagolosale, ngongole yanga, osamuonetsa."

Tisheti ija sindinalandire.

Anthu atabalalika, aphunzitsi anandiitana n'kundigulira Fanta, mwina poona kuti palibe wina amene akanandigulira. Anati ndisadzione ngati woyamba. Pa masewero a Olympic a ku Sydney mu 2000, bambo wina wosaona, Bruce Maguire, anakadandaula ku bungwe loona za ufulu wa anthu ku Australia kuti webusaiti ya masewerowo sankatha kuigwiritsa ntchito: zithunzi zopanda mawu ofotokoza, matebulo a zotsatira osawerengeka. Okonza masewerowo anati kukonza n'kovuta ndiponso n'kodula. Bungwelo silinamve zimenezo, ndipo pamapeto pake analamulidwa kumulipira madola 20,000 a ku Australia.

"Ndiye inu mwatsika mtengo," anatero. "Mwalipira ndi manyazi okha."

Ananditchulira malamulo otchedwa WCAG, amene anthu opanga mawebusaiti amatsata padziko lonse. Nditawawerenga ndinapeza kuti pafupifupi chilichonse chomwe ndinkanyadira chinali m'gulu la zoletsedwa. Phokoso longoyamba kulira lokha likapitirira masekondi 3, payenera kukhala pozimitsira. Zilembo wamba ziyenera kusiyana ndi mtundu wa kumbuyo kwake pa mlingo wa 4.5 kwa 1. Chikasu changa pa zoyera sichinafike ngakhale 2. Chilichonse chotheka ndi mausi chitheke ndi kiyibodi, osati chifukwa cha osaona okha komanso amene manja awo amanjenjemera kapena sagwira bwino. Mavidiyo akhale ndi mawu olembedwa pansi kuti osamva atsatire. Ndandanda ndinaulemba ngati tebulo lenileni lokhala ndi mitu: tsiku, nthawi, matimu, bwalo. Pabwalo lililonse ndinalembanso ngati njinga ya olumala imalowa kapena pali masitepe, zomwe zinachititsa kuti bawo asamutsidwe kuchoka kuchipinda chapamwamba komwe tinamuika osaganiza. Opambana ndinkawasonyeza ndi mtundu wobiriwira, ogonja ndi wofiira, mpaka kochi wina anaulula kuti mitundu iwiriyo kwa iye ndi umodzi, ndipo sabata yonse ankayenda monyada poganiza kuti timu yake ikutsogola.

Aphunzitsi anati ndiyesenso pafoni, poti anthu ambiri kwathu kuno intaneti amaionera pafoni. Ndinayatsa TalkBack, pulogalamu ya mtundu womwewo ya mafoni a Android, ndili m'minibasi. Palibe anandiuza kuti ukangoiyatsa foni imasintha khalidwe: kudina kamodzi imangotchula chinthucho, kuti itsegule uyenera kudina kawiri, ndipo kutsetsereka kumafuna zala ziwiri. Ndikulimbana nayo, chala chinagwera pa uthenga wa a landilodi, foni n'kuuwerengera minibasi yonse, ndi chiwerengero cha miyezi chomwe. Kondakitala anandiyang'ana n'kunena kuti, "Bwanawe, yanga ndilandiriretu."

Webusaiti inakonzeka. Aphunzitsi anaiyenda yonse ndi kiyibodi, anapeza tsiku la masewero a timu yawo, ana awo anasewera, ndipo anthu amene anabwera kudzaseka anabwerera akufunsa kuti goalball iseweredwanso liti.

Anatsala ndi a wapampando. Anandiitanitsa kunyumba kwawo, ndipo ndinapita nditakonzeka kulandira chilichonse. Anandipatsa mpando, anandiyang'ana nthawi yaitali, n'kufunsa ngati n'zoona kuti mawu ofotokoza chithunzi amalemba ndi munthu. Ndinavomera.

"Ndiye tenga cholembera, mwana wanga."

Anayamba: bambo wolemekezeka, wamtali bwino, wathanzi, wovala suti ya buluu yogula ku Johannesburg, amene wakhala akutumikira dera lino modzipereka, atanyamula chikho ndi dzanja lamanja mwamphamvu. Panali zinanso zokhudza sukulu yomwe anaphunzira ndi mpira womwe ankasewera ali mnyamata. Zinadzaza tsamba. Ndinawauza mwaulemu kuti alt text imafunika yaifupi, chiganizo chimodzi chonena zomwe zili pachithunzi. Anati chiganizo chimodzi ndi chomwe chinawavulaza ulendo watha.

Ndinaika zonse mmene ananenera. Usiku womwewo aphunzitsi anandiimbira.

"Achimwene, ndafika pachithunzi cha a wapampando. Ndaika madzi a tiyi, awira, ndamwa, kompyuta ikadali pa suti. Bwezeranipo mimba ija, inali yachidule."