Mmene ndinakonzekerera za ICE pa yunivesite yanga kuno ku America

Abale amene muli pa sukulu kuno ku America, kapena muli ndi mwana kuno pa viza ya ophunzira ya F-1, ndati ndilembe mmene ineyo ndinayendetsera nkhani ya ICE, apolisi a imigireshoni a kuno, chifukwa mafunso achuluka pa WhatsApp ndipo mayankho ambiri akuzungulirawa ndi mphekesera chabe. Ine ndikupanga masters komanso ndimathandiza kuphunzitsa a chaka choyamba, ndiye ndili mbali zonse, wophunzira komanso wantchito wa yunivesite.

Zinayamba mu January 2025. Kale kunali malangizo a boma, oyamba a 2011 kenako anawakulitsa mu 2021, oti a ICE asamagwire anthu malo ngati sukulu, chipatala ndi tchalitchi pokhapokha pali chifukwa chachikulu. Boma la Trump litangolowa linawachotsa. Mu March anagwira Mahmoud Khalil pa nyumba ya Columbia University, kenako Rümeysa Öztürk wa ku Tufts anamutengera pamsewu ku Somerville, vidiyo ija ambiri tinaiona. Pofika April ophunzira masauzande anangomva kuti rekodi yawo ya SEVIS, kaundula wa boma wa ophunzira ochokera kunja, yatsekedwa, ena chifukwa cha timilandu ta pamsewu kapena milandu yoti khothi linaithetsa kalekale. Anthu anasumira boma m'makhothi ambirimbiri ndipo pa 25 April boma linati libwezeretsa marekodiwo, koma mantha anali atalowa kale m'mitima mwathu.

Ine ndinayambira ku ofesi ya ophunzira ochokera kunja. Kumeneko kuli munthu amene amatchedwa DSO, ndi amene amasayina I-20 yanu, fomu ya sukulu yosonyeza kuti ndinu wophunzira wa F-1, komanso ndi amene amatha kulowa mu SEVIS, inuyo simungaone nokha ngati rekodi yanu ili bwino. Ndinabukitsa nthawi, ndinapita ndi pasipoti, I-20 ndi I-94, rekodi yosonyeza kuti ndinalowa m'dziko muno, yomwe ndinaprinta pa webusayiti ya CBP, ofesi ya boma yoona za m'malire. Mayi amene anandithandiza anatsegula kompyuta nkundionetsa kuti ndili Active, anaonanso adiresi yanga ngati ndi yomweyo, chifukwa ukasamuka nyumba lamulo limati uwauze pasanathe masiku 10, ndipo ambirife timasamuka kukakhala kwa mnzathu osauza munthu. Ndinawafunsa kuti kodi rekodi ikatsekedwa ndidziwa bwanji, anati iwo amayang'ana pafupipafupi ndipo amatumiza imelo ya sukulu komanso kuimba foni. Ndiye chonde imelo ya sukuluyo muziitsegula, isamangodzaza.

Mayi omwewo ndi amene anandimasulira chinthu chimene chimasokoneza anthu ambiri. Viza ya mu pasipoti ija ntchito yake ndi yolowera m'dziko basi, chimene chimakusunga muno ndi status yako, I-20 yabwino ndi I-94 yolembedwa D/S, kutanthauza kuti ukhoza kukhala muno nthawi yonse imene ukuphunzira motsata malamulo. Viza itha kutha kapena kuthetsedwa iwe uli momwemuno nkumaphunzirabe, vuto limabwera ukatuluka chifukwa sungabwerere popanda ina. Koma SEVIS ikatsekedwa nkhani ndi ina, ntchito ya pa kampasi ya maola 20 pa sabata ija imaima pomwepo, ndipo kwa ife amene lendi imachokera pamenepo mukudziwa tanthauzo lake.

Apa ndinene mosabisa, pakuti ndi chimene ndalembera zonsezi. Yunivesite imateteza ndithu koma si linga. Yunivesite yomweyo ndi imene lamulo limaikakamiza kukanena ku SEVIS ukasiya kalasi kapena ukachepetsa makosi popanda chilolezo, DSO sangabise ngakhale akukonde bwanji. Chimene angachite ndi kutseka zitseko zomwe lamulo limawalola kutseka, kusunga mafayilo ako, ndi kukupezera loya, ndipo zambiri mwa izi uyenera kukazitsata wekha zinthu zisanavute.

Kenako ndinapita kwa registrar, ofesi yosunga mafayilo a ophunzira, za FERPA. Ili ndi lamulo la 1974 loti sukulu isapereke mafayilo a wophunzira kwa munthu wakunja popanda chilolezo chake kapena chikalata cha khothi. Koma pali zina amazitenga ngati za poyera, dzina, adiresi, foni, zomwe ukuphunzira, izi atha kupereka ngati iwe sunakane. Ndinadzaza fomu yokanira, sinatenge nthawi nkomwe. Anandichenjeza kuti ukatero ngakhale kampani yofuna kukulemba ntchito ikaimba kufunsa ngati umaphunzira pano sadzayankha mpaka utalola, ine ndinati palibe kanthu.

Mbali imene inandithandiza kwambiri ndi ya loya. Sukulu yathu ili ndi kiliniki ya zamalamulo ku law school, ulele kwa ophunzira, malo ena amakhala ndi ofesi ya loya wa ophunzira yomwe fizi yanu imalipira kale, fufuzani kwanuko. Loyayo anaika mapepala awiri patebulo. Loyamba linali la ICE lenilenilo, fomu I-200 kapena I-205, pamwamba palembedwa Department of Homeland Security ndipo wosayina ndi ofisala wa imigireshoni. Lachiwiri linali la khothi, pamwamba dzina la khothi, pansi siginecha ya jaji, ndi adiresi yeniyeni yoti alowe. Onse amatchedwa warrant, koma loyambalo siliwapatsa mphamvu yolowa malo osakhala a aliyense ngati chipinda chako ku hositelo, labu yolowa ndi khadi, kapena ofesi yokhoma, pokhapokha wina awatsegulire yekha. Malo a poyera monga panja pa kampasi, pokwerera basi, poimika magalimoto, pamenepo atha kufika ngati wina aliyense, makamaka pa yunivesite ya boma. Anandiuza kuti akagogoda usatsegule, uwapemphe alowetse pepalalo pansi pa chitseko kapena alionetse pa windo, uwerenge amene wasayina. Uli ndi ufulu wokhala chete, usathawe, usaname, usasayine kanthu loya asanaone. Anandipatsa kakhadi kofiira ka bungwe la ILRC kolembedwa maufulu amenewa, kamakhala mu waleti limodzi ndi kope ya I-94, popeza munthu wa zaka 18 kupita m'mwamba amayenera kuyenda ndi umboni woti analembetsa.

Kwa ife a ku Malawi apa mpovuta, tinaleredwa kuti mlendo akagogoda umati lowani, wa yunifomu akafunsa umayankha mwaulemu zonse ndi zosafunsidwa zomwe. Ulemuwo usunge koma chitseko chikhale chotseka.

Monga wantchito anatiitananso ku maphunziro ena. Anatiuza kuti ofisala akabwera mkalasi kapena ku labu kufunsa za wophunzira wakuti, ife sitiyankha kuti alipo kapena palibe, sitipereka ndandanda ya mayina, komanso sitilimbana naye kapena kumutchingira njira kapena kubisa munthu chifukwa umenewo ukhoza kukhala mlandu wako. Timangonena kuti ndilibe mphamvu yolola kulowa kapena kulandira pepala, dikirani ndiimbe, nkuimbira ofesi ya maloya a yunivesite kapena apolisi a pa kampasi, nkulemba dzina la ofisalayo, nambala ya baji ndi nthawi. Manambala awiriwo ndinawaseva mu foni tsiku lomwelo ndipo ndinawamata pakhoma la labu. Chinandipweteka nchakuti amayi okolopa ndi a ku khitchini, ambiri ochokera kunja ngati ife, amalembedwa ndi makampani ena ndiye maphunzirowo sanawafike, tinachita kuwapatsa makhadi ofiirawo tokha a Chisipanishi.

Chomaliza chinali kukonza za tsiku loipa. Ndinasankha mnzanga mmodzi wodalirika, ali ndi makope a pasipoti, I-20 zonse zakale ndi zatsopano, nambala ya loya ndi ya achimwene anga ku Lilongwe. Ndinamuonetsa webusayiti ya ICE yofufuzira munthu wogwidwa, imafuna A-number, nambala yako ya ku imigireshoni, yomwe ambiri a F-1 sitikhala nayo mpaka titatenga khadi ya OPT yololeza wophunzira kugwira ntchito, apo ayi dzina lonse ndi dziko lobadwira, ndiye alembe dzina ndendende mmene lilili mu pasipoti. Nambala ya loya ndinailoweza pamtima chifukwa foni amalanda. Ukagwidwa ulinso ndi ufulu wopempha kuti adziwitse embase yathu ku Washington DC.

Za kupita kumudzi pa holide ndinaziimika kaye, ndipo zimawawa, mayi anga amafunsa mwezi ndi mwezi. Mu August 2025 anayamba kufuna chikole cha madola 5,000 mpaka 15,000 kwa Amalawi ndi a ku Zambia ofuna viza yokacheza, zomwe zikutanthauza kuti ngakhale makolo kubwera ku graduation si nkhani yophweka, ndipo mu December anaika Malawi, Zambia ndi Zimbabwe pa mndandanda wa mayiko oletsedwa maviza ena kuphatikizapo a ophunzira kuyambira 1 January 2026. Ngati viza ya mu pasipoti yanu inatha, musagule tikiti musanakhale pansi ndi DSO ndi loya, siginecha ya ulendo pa I-20 payokha siikubwezani muno.